Mlonda naye afunika kumulondera: agalu ndi zilombo kumadzulo kwa Lilongwe

M'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuyambira ku Mpingu kudzera ku Namitete mpaka ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, galu ndi chiweto chimene chili ndi ntchito yodziwika. Amalondera pakhomo, amauwa akamva mgugu wachilendo kuseri kwa khola la mbuzi, amaperekeza anyamata kokumba mbewa, ndipo usiku anthu akatseka zitseko iye amatsala panja. Chifukwa cha ntchito imeneyi, galu ndiye amayamba kukumana ndi chilichonse chochokera kutchire, kaya ndi fisi, nkhandwe, njoka, nungu, kapena matenda amene zilombozi zimayenda nawo. Mabanja ambiri akamanga mpanda amaona ngati nkhani ya chitetezo yathera pomwepo. Mpanda umathandizadi, koma galu amapulumuka chifukwa cha zinthu zingapo zoyendera limodzi: mamangidwe a mpandawo, zimene zili m'kati mwake, malo amene galuyo amagona, ndi katemera amene ali m'thupi mwake.

Munthu woyenda pa msewu wa M12 wopita ku Mchinji angaganize kuti zilombo zinatha kalekale kuderali. Maso amangoona minda ya chimanga, fodya, mtedza ndi soya, zigafa, ndi midzi yogundana. N'zoona kuti njovu, mikango ndi njati zinachoka m'chigwa cha Lilongwe. Zimene zinatsala ndi nyama zodziwa kukhala moyandikana ndi anthu osaonekera. Masana zimabisala m'madambo, m'mabango a m'mbali mwa mitsinje ngati Namitete ndi Bua, m'timapiri ta miyala, m'mauna akale, ndi m'nkhalango za kumanda, zimene m'dziko la Achewa ndizo zasunga mitengo yachilengedwe pamene kwina konse kunadulidwa. Chakummwera chakumadzulo kuli nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, ndipo nyama zina zimatsika kuchokera kumeneko kutsata madambo. Dzuwa likangolowa, malire a pakati pa mudzi ndi tchire amafufutika.

Fisi ndi zimene zimamuitana

Chilombo chachikulu chimene galu wa m'derali angakumane nacho ndi fisi wamawanga. Fisi wamkulu amalemera makilogalamu 50 kapena kuposerapo, ndipo wamkazi ndiye amakula kuposa wamwamuna. Galu wamba wa kumudzi nthawi zambiri sapitirira makilogalamu 20. Nsagwada za fisi zimaphwanya mafupa a ng'ombe, choncho khosi kapena msana wa galu si kanthu kwa iye. Anthu amamunena fisi kuti ndi wamantha, ndipo m'nthano ndiye wopusa amene kalulu amamupusitsa, koma fisi weniweni ndi nyama yochenjera, yokumbukira njira ndi malo amene inapezapo chakudya, ndiponso yoyenda mtunda wautali usiku umodzi. Sachita kufuna nkhalango yaikulu kuti akhale. Mumzinda wa Lilongwe momwe muli afisi, ndipo bungwe la Carnivore Research Malawi lakhala likuwatsatira kwa zaka zambiri pofuna kudziwa mmene amayendera pakati pa nyumba za anthu. Ngati fisi amakhala m'kati mwa likulu la dziko, palibe chodabwitsa kumumva akulira kudambo la ku Kabudula.

Nthawi zambiri fisi sabwera pakhomo kudzafuna galu. Chimamukoka ndi fungo. Nkhuku zikafa ndi chitopa n'kutayidwa kuseri kwa mpanda, nkhumba yofa ndi chigodola ikaponyedwa kutchire m'malo moikwirira, mbuzi ikabereka zotsalira zake n'kusiyidwa poyera, dzala likakhala losakwirira, pamenepo fisi waitanidwa. M'misika ya m'mbali mwa msewu, momwe amapha mbuzi ndi nkhumba tsiku la msika, magazi, zikopa ndi mafupa otsala zimazoloweretsa afisi ndi ankhandwe kuyandikira nyumba. Fisi akafika pakhola, galu amathamangirako chifukwa ndiyo ntchito yake, ndipo ngoziyo imachitikira pomwepo. Agalu atatu kapena anayi akamauwa ali patali amatha kumubweza fisi. Galu mmodzi wolimba mtima amene wamutsatira mumdima kawirikawiri sabwerera. Amene amagwidwa mosavuta ndi tiagalu, agalu okalamba, odwala, ndi amene ali ndi bere.

N'chifukwa chake ntchito yoteteza galu imayambira kudzala. Chiweto chakufa chiyenera kukwiriridwa m'dzenje lakuya kapena kutenthedwa tsiku lomwelo. Makoko ndi mafupa asatayidwe kunja kwa mpanda poganiza kuti zachoka pakhomo, pakuti kumeneko ndiko kuphunzitsa chilombo njira. Khola la mbuzi lam'mwamba, lomangidwa ndi mitengo yolimba ndi khomo lotsekeka bwino, limachepetsa chifukwa chimene fisi angabwererenso mawa lake.

Mipanda si yofanana

Mpanda wofala kwambiri m'midzi ndi waudzu, womangidwa ndi tsekera kapena mapesi pa mitengo ndi nsungwi. Umabisa pakhomo ndi kutchinga mphepo ya mwera, koma kwa chilombo si chotchinga. Chiswe chimadya mizati kunsi, mbuzi zimazula udzu, ndipo galu yemweyo amaboola pakona kuti azitulukira. Bowo lotulukira galu ndilo lolowera nkhandwe. Mpanda wotere umafuna kuuyendera kawirikawiri, makamaka mvula ikangoyamba ndiponso m'chilimwe pamene moto wa lupsa uli paliponse. Kuika waya wa maso ang'onoang'ono m'munsi mwake, kuchokera pansi kufika cha m'chiuno, kumaulimbitsa kwambiri popanda kugwetsa wonse.

Ena amadzala mpanda wamoyo wa nkhadze, khonje kapena lunguzi. Lunguzi ndi khonje zikakula mothithikana zimabaya ndithu, ndipo sizifuna simenti. Vuto lake ndi kunsi, kumene masamba ouma amaunjikana n'kusanduka nyumba ya makoswe ndi njoka. Nkhadze nayo ili ndi utomoni woyera umene umawotcha maso, a galu ndi a mwana omwe. Mpanda wamoyo uyenera kusadzidwa ndi kupaliridwa m'tsinde, ndipo nthambi za nkhadze zodulidwa zisasiyidwe pamene tiagalu timasewera.

Mpanda wa njerwa ndiwo wodalirika, ukamangidwa bwino. Fisi si katswiri wolumpha ngati kambuku, koma amakumba, amakankha, ndipo waya wofewa wa nkhuku amaudula ndi mano. Khoma lofika mamita 2, lokhala ndi maziko olowa pansi, limamulepheretsa. Pa mpanda wa waya, mbali ya kunsi iyenera kukwiriridwa m'nthaka masentimita 30 mpaka 50, kapena kupindidwira kunja n'kupsinjidwa ndi miyala. Chimene amisiri ambiri amaiwala ndi geti. Khoma limakhala lokongola koma pansi pa geti pali mpata woti nkhandwe ingokwawa, kapena ngalande yotulutsira madzi a mvula yasiyidwa yosatseka. Mpata wa pansi pa geti umatsekedwa ndi kakhoma ka simenti, ndipo pangalande pamafunika zitsulo kapena waya wolimba. Mulu wa njerwa, nkhuni kapena mchenga wotsamira khoma, kunja kapena m'kati, umasanduka makwerero.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chiyenera kutha, ndicho kumangirira galu pa tcheni usiku kunja kwa mpanda, pafupi ndi khola kapena kuchigafa cha fodya, kuti azilondera. Galu womangidwa sangathawe, sangazembe, sangasankhe malo omenyera. Fisi akafika amangotola. Mwini wake amadzuka m'mawa n'kupeza tcheni chokha, kapena mutu uli m'goli. Uku n'kumulakwira galu amene amakhulupirira mbuye wake. Ngati khola lili kunja, ndi bwino kulilowetsa m'kati mwa mpanda kapena kulilimbitsa, galu n'kumagona m'kati. Khutu ndi mphuno yake zimagwira ntchito chimodzimodzi ali kuseri kwa khoma, ndipo chofunika kwa mwini nyumba ndi kuuwa kumene kumamudzutsa, osati nkhondo.

Galu amafunikanso kanyumba kakekake, kofolera, kouma, kokwezeka pang'ono, kokhala ndi khomo limodzi. Galu wamkazi akabereka, ana ake azigona m'chipinda chotsekeka, ngakhale kukhitchini, mpaka atakula. Tiana ta masabata ochepa tingatengedwe ndi nsato, ng'azi, kapena mbalame zazikulu zolusa masana, ndipo linthumbu likalowa usiku limatha kupha tonse tikadali tosaona. Galu wokhuta sayendayenda. Wongodalira makoko a nsima ndiye amadumpha mpanda kukasaka kudzala la kumsika, ndipo wamwamuna wosafula amayenda midzi itatu usiku umodzi akamva fungo la wamkazi. Nsima ya mgaiwa kapena ya madeya yosakaniza ndi usipa, bonya kapena soya wokazinga, madzi akumwa osasowa, ndi kufula agalu amene sakufunika kuswana, zonsezi zimasunga galu pakhomo kuposa kukweza khoma.

Zimene khoma silingatchinge

Njoka siiona mpanda. Imalowa pa mng'alu, pangalande, kapena kutsika ndi nthambi ya mango. Imatsata makoswe, achule, mazira ndi anapiye, choncho pakhomo pamene pali nkhokwe, milu ya mapesi, makoko a mtedza ndi khola la nkhuku pamakhala pokoma kwa iyo. Nyengo zoopsa ndi ziwiri: mvula zoyamba kunja kukutentha, pamene njoka zimatuluka m'mauna, ndi nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, pamene makoswe amasamuka m'minda kutsata chimanga kumudzi.

Mphiri ndiyo imavulaza agalu ambiri chifukwa siithawa. Imangogona phee panjira kapena m'masamba, galu n'kuiyandikira ndi mphuno. Ikaluma kumaso kapena pakhosi, mutu umatupa msanga, ndipo chimene chimapha nthawi zambiri ndi kutsekeka kwa njira ya mpweya kapena kuola kwa mnofu pambuyo pake. Palinso njoka yotukumula khosi imene imalavulira ululu m'maso kuchokera pa mtunda wa mamita 2 kapena kuposa. Imeneyi imakonda kulowa m'makola ndi m'nyumba usiku. Galu wolavuliridwa amatsinzina, amakanda nkhope pansi, misozi ili chuchuchu. Mankhwala oyamba ndi madzi oyera ambiri, kutsanulira m'maso kwa mphindi zingapo osaleka, ndipo akachita msanga maso amapulumuka. Njoka zina ululu wake umagwira minyewa, galu amayamba dzandidzandi, dovu, kenako kulephera kupuma.

Galu akalumidwa ndi njoka asatemedwe pabala, asamangidwe chingwe cholimba pamwendo, ndipo asamwetsedwe palafini, mchere kapena mafuta ophikira. Zonsezi zimangowonjezera vuto. Amuchotse goli pakhosi kutupa kusanafike, amunyamule osamuyendetsa, amusunge pamthunzi, ndipo aitane mlangizi wa ziweto. Mankhwala olimbana ndi ululu wa njoka ndi odula ndiponso osowa, ngakhale kwa anthu, choncho kupewa ndiko kuli m'manja mwa mwini galu. Bwalo losesedwa, udzu wotchetchedwa mikono ingapo kuzungulira mpanda, nkhuni zosanjidwa pathandala patali ndi pogona galu, ndi mphaka wogwira makoswe, zimachepetsa njoka pakhomo.

Nungu ndi chiuli sizilowa m'mipanda kawirikawiri. Galu amakumana nazo kudimba kapena kokasaka. Nungu saponya minga yake monga ena amanenera, koma amabwerera chambuyo mwaliwiro n'kubaya. Munga wolowa pachifuwa kapena m'mimba usazulidwe mwachisawawa. Anyani ndi nguluwe za m'mphepete mwa Dzalanyama zimang'amba agalu osaka ndi mano. Nkhupakupa nazo, zimene zimagwa kuchokera ku nyama zakutchire ndi ziweto m'udzu wa kudambo, zimabweretsa matenda otha magazi. Galu akafooka, akakana kudya, usinini ukayera ndi mkodzo ukada, afunika mankhwala tsiku lomwelo. Kumusambitsa ndi dibi woyenera agalu, pa mlingo umene mlangizi wanena, kumateteza zambiri.

Chiwewe

Choopsa kuposa mano a fisi ndi chimene chingatsale m'thupi mwa galu amene wapulumuka. Chiwewe ndi matenda oyamba ndi kachilombo kopezeka m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo, ndipo pangapite masabata kapena miyezi zizindikiro zisanaoneke. Zikangooneka, kwa galu kapena kwa munthu, kuchira kulibe. Bungwe la World Health Organization limayerekeza kuti anthu pafupifupi 59,000 amamwalira ndi chiwewe chaka chilichonse padziko lapansi, ambiri ku Africa ndi ku Asia, pafupifupi 40 mwa 100 aliwonse ali ana, ndipo pafupifupi onse amatenga matendawa kwa galu.

Kunena zoona, nkhokwe yaikulu ya chiwewe m'Malawi ndi agalu omwewo, osati zilombo. Kachilomboka kamazungulira pakati pa agalu osabayidwa, n'kudumphira kwa nkhandwe, fisi kapena chiuli, kenako n'kubwereranso kumudzi kudzera m'nyama zomwezo. Nyama yakutchire ikagwidwa ndi chiwewe imataya mantha. Nkhandwe imene mwachibadwa imathawa munthu ikalowa pabwalo dzuwa lili pamutu, ikamayenda mozungulirazungulira kapena kuluma mitengo, isayesedwe yoweta kapena yanjala. Kumayambiriro kwa 2003 chilombo china chinapha anthu osachepera atatu ndi kuvulaza ena 16 m'boma loyandikana la Dowa, anthu zikwi n'kuthawa m'midzi yawo. Akuluakulu a boma ankakhulupirira kuti anali fisi wachiwewe, ngakhale anthu ena amene anachiona sanavomereze zimenezo.

Galu wachiwewe sakhala wolusa nthawi zonse. Wina amasanduka waukali, amaluma chilichonse, mawu ake amasintha, amachoka pakhomo n'kumangoyenda. Wina amangokhala duu, nsagwada ili lende, dovu likutuluka, ngati watsamwa fupa. Apa ndi pamene anthu achifundo amalowetsa dzanja m'kamwa kufuna kuchotsa fupalo, n'kudzitengera matenda. Galu wotere asagwidwe ndi manja.

Chitetezo chenicheni ndi katemera. Kagalu kamabayidwa kakakwana miyezi 3, ndipo kubaya kumabwerezedwa chaka ndi chaka. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akabayidwa, matendawa amasowa podumphira n'kuzilala. Nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto imachititsa katemera kudzera mwa alangizi ake a m'madera, kawirikawiri cha pa 28 Seputembala, tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe padziko lonse. Bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene linayamba mu 2008, limabayanso ndi kufula agalu mu Lilongwe, ndipo la Mission Rabies lakhala likubaya agalu ochuluka ku Blantyre ndi maboma oyandikana nawo kuyambira 2015. M'midzi mukadali mawu akuti galu akabayidwa amafooka, sauwanso, kapena sagwiranso nyama. Zimenezi si zoona, ndipo zawonongetsa miyoyo. Ena amati galu wawo satuluka kumpanda choncho safunika katemera, kuiwala kuti usiku umodzi wa geti losatseka ndi wokwanira. Kakhadi kamene amapereka pobaya kasungidwe pamodzi ndi mabuku a kuchipatala a pabanja, chifukwa tsiku limene galuyo adzalume munthu kadzafunika.

Galu akamenyana ndi chilombo n'kubwera ndi mabala, womuthandiza avale magolovesi kapena majumbo m'manja, pakuti malovu a chilombocho angakhale akadali pa ubweya. Mabala atsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri. Galuyo atsekeredwe payekha, kutali ndi ana ndi ziweto zina, ndipo mlangizi wa ziweto adziwitsidwe tsiku lomwelo. Wobayidwa kale amabayidwanso n'kumayang'aniridwa. Wosabayidwa ndiye nkhani yake imavuta, ndipo chochita amagamula ndi a zaziweto, osati chifundo cha mwini wake. Bala la fisi limaoneka laling'ono kunja koma m'kati mnofu ndi mafupa zimakhala zitaphwanyika, choncho lisangopakidwa phulusa kapena oyilo wakuda wa galimoto.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, kaya ndi chilombo kaya ndi galu wake yemwe, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuona ngati litupe. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, cha Kabudula, ndi zipatala zing'onozing'ono za m'madera ndi poyambira, ndipo katemera akasowa pamenepo amatumiza ku zipatala za mumzinda. Nthawi zambiri pamafunikanso kalata ya mlangizi wa ziweto yofotokoza za nyama imene yaluma. Galu wolumayo, ngati akuoneka wabwinobwino, asaphedwe mwaphuma. Amangidwe pamalo otetezeka masiku 10 akupatsidwa chakudya ndi madzi, chifukwa galu amene anali ndi kachilombo m'malovu pa tsiku loluma amaonetsa zizindikiro kapena kufa m'masiku amenewo. Kudikiraku ndi kwa galu. Munthu wolumidwa sadikira, amayamba chithandizo.

Poizoni ndi makhwekhwe

Fisi akagwira mbuzi ziwiri kapena zitatu motsatizana, mkwiyo umakula m'mudzi, ndipo ena amathira tameki kapena mankhwala a fodya pa nyama yotsala kuti chilombocho chikabwerera chife. Njira imeneyi imapha agalu ambiri kuposa afisi. Galu wa pakhomo ndiye amayamba kufika pa nyamboyo m'mamawa, kenako amphaka, akhwangwala, nkhumba zoyendayenda, ndipo poizoniyo amatha kukokoloka ndi mvula kulowa m'zitsime za kudimba. Galu wodya tameki amatuluka dovu lambiri, amanjenjemera, amasanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo angafe ola lisanathe ngati sanalandire jakisoni wa a zaziweto. Makhwekhwe a waya otchera akalulu ndi agwape m'madambo nawonso sasankha, ndipo agalu ena oyenda ndi miyendo itatu m'midzi anaduka mwendo mwa njira imeneyi.

Lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kupha nyama zakutchire ndi poizoni kapena misampha yotere, ndipo zilango zake ndi zazikulu. Chilombo chikavuta, njira yake ndi kuuza nyakwawa, apolisi a m'dera, ndi a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, amene ali ndi alenje ophunzitsidwa ntchitoyi. Bungwe la Lilongwe Wildlife Trust limagwira ntchito limodzi ndi nthambiyi populumutsa ndi kusamutsa nyama zimene zapezeka pakati pa anthu. Nyama yokayikitsa ikaphedwa podziteteza, isasendedwe, isadyedwe, isaponyeredwe agalu, ndipo mutu wake usaphwanyidwe, chifukwa ubongo ndiwo a zaziweto amatumiza ku labotale yawo yaikulu ku Lilongwe kukapima ngati munali chiwewe. Zotsatira zake ndizo zimauza achipatala kuchuluka kwa anthu ofunika katemera, ndiponso zimauza alangizi midzi imene agalu ake ayenera kubayidwa mwamsanga.